Ku Addis Ababa, Mlendo Wosadya Nyama Amayendera Kalendala ya Mpingo

ADDIS ABABA – Apaulendo amene sadya chilichonse chochokera ku zinyama, kaya ndi nyama, nsomba, mazira, mkaka ngakhalenso uchi, amavutika kupeza chakudya m'mizinda yambiri ya mu Africa. Anthu otere amatchedwa kuti ma vegan, dzina limene a Donald Watson ndi anzawo anayambitsa ku England m'chaka cha 1944. Mzinda wa Addis Ababa, kumene kuli likulu la bungwe la African Union ndipo kumafika nthumwi zambiri zochokera kum'mwera kwa Africa, ndi wosiyana ndi inzake pa nkhaniyi.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi chipembedzo. Kalembera wa m'chaka cha 2007 anasonyeza kuti anthu atatu mwa anayi alionse a mumzindawu anali a mpingo wa Ethiopian Orthodox Tewahedo. Mpingowu umalamula akhristu ake kusala zakudya zonse za nyama, mkaka, batala ndi mazira Lachitatu ndi Lachisanu, komanso pa nyengo zina zazitali. Yaikulu mwa nyengozi ndi Abiy Tsom, ya masiku 55, imene imatha pa chikondwerero cha Isitala chotchedwa Fasika. Masiku osala a mkhristu wamba amakwana pafupifupi 180 pa chaka, ndipo a ansembe ndi amonke amaposa pamenepo.

Chotero mlendo safunika kuyendayenda kufunafuna chikwangwani cholembedwa kuti vegan. Malo odyera wamba ambiri amaphika chakudya cha osala, ndipo mawu oyenera kuwadziwa ndi amodzi okha a Chiamhariki: yetsom, kutanthauza “cha kusala”. Woitanitsa yetsom beyaynetu amalandira mbale yaikulu yoyalidwa injera, mkate wopyapyala ndi wowawasa wopangidwa ndi ufa wa mbewu yaing'ono kwambiri yotchedwa teff. Pamwamba pake amaikapo timilu ta ndiwo zosiyanasiyana: misir wot, yomwe ndi mphodza yophikidwa ndi tsabola wa berbere; shiro, chipere cha ufa wa tchana kapena nsawawa; gomen, masamba ofanana ndi repu; ndiponso kabichi wophikidwa pamodzi ndi karoti ndi mbatatesi. Wozolowera nsima savutika, pakuti amanyema injera ndi dzanja lamanja n'kutapira ndiwo, popanda supuni kapena foloko.

Komabe chakudya cha osala ndi chakudya cha vegan sizifanana kotheratu, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka. Osala ena amadya nsomba, choncho malo odyera ena amaika nsomba yokazinga pambali pa ndiwo zamasamba. Uchi nawo suletsedwa pa kusala, ndipo chakumwa chotchuka cha tej chimafululidwa ndi uchi. Chovuta kwambiri ndi niter kibbeh, batala wosungunulidwa pamodzi ndi zokometsera, amene saoneka akalowa mu ndiwo. Shiro yemweyo amene Lachitatu waphikidwa ndi mafuta a mbewu akhoza kuthiridwa batala Lachinayi. Kuona masamba m'mbale si umboni wokwanira. Ndi bwino kutchula mawu akuti yetsom poitanitsa chilichonse, ngakhale khofi, popeza malo ena omwera khofi amapanga makiyato opanda mkaka wa ng'ombe.

Nthawi ya ulendo nayo ili ndi gawo lake. M'nyengo ya Abiy Tsom mabutchala ambiri amatseka, ndipo mahotela amayala ndiwo za osala zamitundumitundu tsiku ndi tsiku. Koma Fasika ikangofika zinthu zimatembenuka: kwa masiku 50, mpaka pa Pentekosite, kusala kwa Lachitatu ndi Lachisanu kumaimitsidwa, ndipo nyama imadzaza m'malo odyera. Izi zikutanthauza kuti nthumwi yofika mu March imadya mosavuta kuposa yofika mu May. M'masabata amenewo ndi pamene malo odyera ophika zamasamba chaka chonse amathandiza, ndipo mlendo angawapeze pa intaneti kudzera pa HappyCow, mndandanda wa malo otere umene unayamba m'chaka cha 1999. Tsiku la Fasika limasintha chaka ndi chaka ndipo kawirikawiri siligwirizana ndi Isitala ya Akatolika ndi Achipulotesitanti, choncho nkofunika kulifufuza tikiti ya ndege isanagulidwe.