Mwana Wosalankhula M'kalasi

Mphunzitsi akagawa ana m'magulu kuti akambirane, kawirikawiri mwana mmodzi kapena awiri ndi amene amatenga nkhani yonse. Wina amalemba, otsalawo amangozolika mpaka belu kulira. Ambiri timafulumira kunena kuti ana oterewa ndi ofooka m'maphunziro, pamene nthawi zambiri sizili choncho.

Ena amaopa kuti anzawo awaseka akathyola Chingerezi. Ena analeredwa kuti mwana waulemu salankhula pagulu. Enanso yankho amakhala nalo, koma pamene akulikonza m'mutu, mnzawo wachangu pakamwa amakhala atayankha kale. Kuipa kwake n'kwakuti mwana akamangokhala chete, zimene sanamvetse zimabisika mpaka zidzaonekere pa mayeso. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chinthu choyamba chimene mwana wotere amafuna ndi nthawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, Mary Budd Rowe, anajambula mawu m'makalasi ambiri. Anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso, amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kuyankha yekha. Aphunzitsi atayamba kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, ana ochuluka anayamba kuyankha, ndipo mayankho awo anali ataliatali. Kudikiraku sikulira ndalama, ndipo mphunzitsi aliyense angayambe mawa lomwe.

Chachiwiri ndicho kuyamba ndi gulu laling'ono. Mu 1981, Frank Lyman wa ku yunivesite ya Maryland anafotokoza njira ya magawo atatu. Mwana aliyense amayamba waganiza payekha, kenako amauza mnzake mmodzi amene wakhala naye pafupi, ndipo pomaliza awiriwo amauza kalasi yonse. Kulankhula kwa munthu mmodzi sikuchititsa mantha ngati kuimirira pamaso pa onse. Njirayi imatheka ngakhale m'makalasi odzaza ngati a m'sukulu zathu zambiri zapulaimale, chifukwa palibe amene amafunika kusuntha pamalo pake.

Chachitatu ndicho kupatsa mwana aliyense mbali yakeyake. Mu 1971, mumzinda wa Austin ku Texas, Elliot Aronson anagawa phunziro m'zidutswa, n'kupatsa mwana aliyense m'gulu chidutswa chimodzi choti aphunzitse anzake. Tiyerekeze kuti phunziro ndi la malungo: wina afotokoze za udzudzu, wina zizindikiro, wina kapewedwe, wina chithandizo. Gulu silingamalize ntchito popanda mwana wamanyazi uja, choncho anzake amayamba kumumvetsera m'malo momudula mawu. Mphunzitsi akhazikitsenso lamulo loti palibe kuseka wolakwitsa.

Nanga inu makolo? Kulimba mtima polankhula kumayambira pakhomo. Pa chakudya chamadzulo, m'malo mofunsa kuti, "Kusukulu kunali bwanji?" funsani kuti, "Lero n'chiyani chakuvuta?" Kenako dikirani. Musalole kuti mkulu wake amuyankhire, ndipo musathamangire kumukonza asanamalize. Muuzeni kuti akuphunzitseni zimene waphunzira, m'chinenero chimene amamasuka nacho. Mwana amene bambo ndi mayi ake amamumvetsera amaphunzira kuti ulemu ndi kulankhula zimayendera limodzi.

Khalaninso tcheru ndi thanzi lake. Mwana amene samva bwino, mwina chifukwa cha khutu lotuluka mafinya, amalephera kutsatira nkhani pakati pa phokoso la gulu, ndipo afunika kupita naye kuchipatala. Wachibwibwi amafuna kumulezera mtima, osati kumumalizira mawu. Ngati mwana amene anali wolankhula wangoti zii mwadzidzidzi, khalani naye pansi mufufuze ngati wina akumuvutitsa, ndipo kaonaneni ndi aphunzitsi ake sabata yomweyo.