Bulu Akadwala M'mimba

Inu amene muli ndi ngolo ya abulu ku Nsaru kapena ku Kabudula, tamverani. Bulu sasanza ngati galu. Akadya gaga wambiri nthawi imodzi, kapena akameza majumbo pamsika, m'matumbo mumatsekeka, ndipo angathe kufa.

Chovuta n'chakuti bulu amabisa ululu. Amangoti ndwii, mutu pansi, udzu osadya, ndowe osachita. Ena amayesa ulesi, namukwapula. Ayi ndithu, akudwala ameneyo!

Mumasuleni pangolo. Chotsani chakudya, koma madzi musiyireni. Muyendetseni pang'onopang'ono pamthunzi. Musamumwetse mankhwala mokakamiza ndi botolo, angalowe m'mapapo. Tumani mwana panjinga akaitane alangizi a ziweto tsiku lomwelo, osadikira mawa.