KODI MWANA AMATENGERA MAGAZI A MAKOLO AKE?

Akonzi a magazini yathu anapempha kuti ife amene tikonda phunziro la Biology tilembepo kanthu m'chilankhulo chathu, ndipo ine ndasankha nkhani ya kutengera, ndiko kunena m'mene mwana afanira ndi makolo ake, ndiponso m'mene nthawi zina asiyanira nawo. Ndipempha aphunzitsi athu ndi anzanga nonse kuti muwerenge mofatsa, pakuti ngakhale nkhaniyi iyambira m'dimba la nsawawa kutali ku Ulaya, ikhudza mabanja a m'midzi yathu yomwe.

Kwathu kuno timati make mbuu, mwana mbuu, ndipo mwana akafanana ndi atate ake timati watengera magazi. Azungu akale nawonso ankaganiza chimodzimodzi, kuti za mwamuna ndi za mkazi zimasakanizika mwa mwana monga mkaka usakanizika ndi tiyi m'kapu. Koma taganizani bwino. Mkaka ukalowa mu tiyi, palibe munthu angathe kuutulutsanso uli woyera monga unalili poyamba. Chikhala kuti kutengera kumayenda motero, bwenzi maonekedwe amene azimirira mwa mwana atazimiriratu mpaka kalekale. Nanga bwanji mdzukulu abadwa ndi mphuno ya agogo ake, pamene atate ake ndi amake alibe mphuno yotero? Nanga bwanji bambo ndi mayi akuda bii abereka mwana wachialubino?

Munthu amene anayamba kumasula mfundo imeneyi ndiye Gregor Mendel, mwana wa mlimi, wobadwa m'chaka cha 1822. Iye anali wansembe wa chipani cha Augustine Woyera, ndipo ankakhala m'nyumba ya amonke mumzinda wa Brno, umene lero uli m'dziko la Czech Republic, koma masiku amenewo unali mu ufumu wa Austria. Anaphunzirapo masamu ndi sayansi ku Vienna, ndipo ndiganiza kuti masamuwo ndiwo anamsiyanitsa ndi ena onse amene anakwatitsapo mbewu iye asanayambe. Enawo ankangoyang'ana, Mendel ankawerenga.

Kuyambira 1856 kufikira 1863 iye anadzala nsawawa pafupifupi 28,000 m'dimba la amonkewo. Anasankha nsawawa mwanzeru, chifukwa duwa lake ndi lotsekeka, kotero kuti limadzibereketsa lokha ndi mungu wake womwe, ndipo mungu wachilendo sulowamo wamba. Anayamba wapeza mitundu yosasinthasintha, monga mtundu umene chaka ndi chaka ubala njere zosalala zokhazokha, ndi wina umene ubala njere zokwinyika zokhazokha. Pofuna kukwatitsa mitundu iwiriyi ankatsegula duwa lisanakhwime, nachotsamo timitu ta mungu, napakamo mungu wochokera ku mtundu winawo, nalimanga kathumba kuti tizilombo touluka tisasokoneze ntchito yake. Ntchito imeneyi ifuna maso akuthwa ndi mtima wodekha, ndipo ine sindikhulupirira kuti ambiri a ife tikadapirira nayo ngakhale teremu imodzi.

Tsono tamvani zimene anapeza. Atakwatitsa nsawawa yosalala ndi yokwinyika, njere zonse za ana zinatuluka zosalala. Panalibe ngakhale imodzi yokwinyika, ndiponso panalibe ya pakatikati. Munthu wopupuluma akadati makwinya aja atha. Koma Mendel anadzala anawo, nawaleka kuti adzibereketse okha, ndipo mwa zidzukulu makwinya anabweranso ali athunthu monga analili mwa agogo. Anawerenga njere zosalala 5,474 ndi zokwinyika 1,850. Pa maonekedwe a mtundu wa njere anapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Pa msinkhu wa mbewu anapeza zazitali 787 ndi zazifupi 277. Tengani pensulo mugawe nokha nambala yaikulu ndi yaing'ono, ndipo mudzaona kuti ponseponse yankho liyandikira 3. Anayesa maonekedwe 7 osiyanasiyana, ndipo onsewo anatsata lamulo lomweli: pa zidzukulu 4 zilizonse, 3 zionetsa maonekedwe amphamvu aja, ndi 1 ionetsa amene anabisala.

Mendel analingalira motere. M'mbewu iliyonse muli tinthu tiwiri tolamula maonekedwe amodzi, kena kochokera kwa mayi ndi kena kochokera kwa bambo. Tinthuti sitisungunuka ndipo sitisakanizika, koma tingokhala pamodzi monga anthu awiri m'nyumba imodzi, wina wolankhula kwambiri ndi wina wachete. Pofika nthawi yobereka tipatukana, ndipo kholo lililonse lipatsira mwana kamodzi kokha mwa tiwirito, popanda kusankha. Lero tinthuti titchedwa majini, dzina limene linaperekedwa ndi Wilhelm Johannsen wa ku Denmark m'chaka cha 1909. Anzanga, musasokoneze majini amenewa ndi majini a mizimu amene asing'anga anena kuti atulutsa mwa anthu. Mawuwa angofanana kamvekedwe chabe.

Amene akayika angathe kuyesa yekha popanda dimba. Tengani matumba awiri, lina likhale bambo, lina mayi. M'thumba lililonse ikani nyemba zofiira 50 ndi zoyera 50. Yofiira ikhale jini lamphamvu, yoyera jini lobisala. Mutatsinzina, tolani nyemba imodzi m'thumba lililonse, lembani zimene zatuluka, ndi kuzibwezera momwe munazitenga. Mukachita chotero maulendo 100, mudzapeza kuti zoyera ziwiri zikumana pafupifupi maulendo 25. Pa maulendo ena onse pali yofiira imodzi kapena ziwiri, ndipo mwana wotere aonetsa maonekedwe amphamvu. Koma zindikirani kuti pa ana atatu ooneka ofananawo, awiri asenza yoyera mobisa.

Mendel anafotokoza zonsezi pa msonkhano wa okonda zachilengedwe ku Brno m'chaka cha 1865, ndipo zinasindikizidwa mu 1866. Dziko silinasamale. Iye anasankhidwa kukhala mkulu wa amonke mu 1868, natanganidwa ndi ntchito za udindowo, namwalira mu 1884. Munali mu 1900 m'mene akatswiri atatu, Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak, anatulukiranso zolemba zake.

Alimi a kwathu akumana ndi lamulo la Mendel chaka ndi chaka ngakhale sanamvepo dzina lake. Chimanga cha hayibulidi ndicho mwana woyamba wa mitundu iwiri yosasinthasintha, ndipo ndicho chifukwa chake m'munda chimera chofanana msinkhu ndi kubereka bwino. Mlimi akatapa mbewu m'nkhokwe mwake kuti adzalenso, adzala zidzukulu, ndipo zonse zimene zinabisala zitulukira: phesi lina lalitali, lina lalifupi, lina lofooka, ndipo zokolola zitsika. Alangizi akamati mugule mbewu yatsopano chaka chilichonse, pali chifukwa chenicheni, ngakhale mtengo wake uwawa.

Koma funso limene linandigwira mtima ine ndi ili: kodi n'chiyani chichititsa jini lina kukhala lamphamvu ndi lina kubisala? Mendel sakadatha kuyankha, pakuti sanaone jini ndi maso ake. Ife tidziwa tsopano kuti majini ndiwo zigawo za ulusi wautali wotchedwa DNA, umene mapangidwe ake anafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, pothandizidwa ndi ntchito ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Ulusiwu upezeka m'maselo a thupi utakulungidwa m'timitolo totchedwa makromosomu. Munthu ali ndi timitolo 46, ndiye kuti 23 tochokera kwa amake ndi 23 tochokera kwa atate ake. Sikuti jini lidutsa m'magazi kupita kwa mwana ayi. Lidutsa m'dzira la mayi ndi mu mbewu ya bambo. Ndipo majini ambiri ali ngati malangizo olembedwa ouza selo kapangidwe ka chipangizo china chogwirira ntchito.

M'chaka cha 1990 akatswiri a ku Norwich ku England anapeza jini lenileni la makwinya a nsawawa za Mendel. Jini labwino lipanga chipangizo chimene chithandiza kumanga sitachi m'njere. Mu nsawawa yokwinyika, kachidutswa kachilendo ka DNA kanalowa pakati pa jinilo ndi kuliononga, chotero chipangizocho sichipangidwa. Njere yotere ikhala ndi shuga wambiri, imwa madzi ambiri ndi kufufuma, ndipo pouma ikwinyika monga khungu la nkhalamba. Tsono ngati mbewu ili ndi jini limodzi labwino ndi limodzi loonongeka, labwinolo lipanga chipangizo chokwanira, ndipo njere ituluka yosalala. Zili ngati banja limene lili ndi makasu awiri, lina labwino, lina lothyoka: munda ulimidwabe, ndipo wodutsa panjira sadziwa kuti m'nyumbamo muli khasu lothyoka. Munda ugonera pokhapokha makasu onse awiri athyoka.

Apa ndipo tifika pa chialubino. Kuda kwa khungu lathu, tsitsi ndi maso kuchokera ku utoto wotchedwa melanin, umene upangidwa ndi maselo apadera, ndipo ntchito yake yaikulu ndiyo kutchinjiriza thupi ku dzuwa. Dokotala wina wa ku London, Archibald Garrod, ananena kale mu 1908 kuti chialubino ndi chilema cha kapangidwe ka zinthu m'thupi chimene munthu abadwa nacho. Mtundu wa chialubino umene upezeka kwambiri kuno ku Africa udza chifukwa cha jini lotchedwa OCA2, limene lili pa kromosomu ya nambala 15, ndipo mwa anthu ambiri a kuno kachidutswa ka jinilo kanasowa. Mu nsawawa kachidutswa kanalowa, mwa munthu kanachoka, koma mapeto ake ndi amodzi: khasu lathyoka.

Munthu amene ali ndi jini limodzi labwino ndi limodzi loonongeka ndi wakuda monga wina aliyense, ndipo iye mwini sadziwa kanthu. Ena a ife m'kalasi muno tingathe kukhala otero. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa 4 wakuti mwana alandire loonongeka kuchokera uku ndi uku, monga nyemba zoyera ziwiri zija. Ndati pa mimba iliyonse, chifukwa matumba aja sakumbukira zimene zinatuluka dzulo. Banja lina lingabereke ana 6 popanda wachialubino, lina lingabereke awiri otsatizana. Ndipo taonani chinthu chimene ndifuna kuti aliyense achimvetse: mwanayo sangabadwe wotero pokhapokha atate ake nawonso atapereka gawo lawo. Mwamuna amene athawa mkazi wake, namnenera kuti anayenda ndi mzungu kapena kuti anachimwira mizimu, akana mwana amene anyamula jini lake lomwe. Jinilo lingathe kuyenda mwakachetechete mibadwo yambiri kuchimuna ndi kuchikazi komwe, mpaka anthu onse amene anaona wachialubino womaliza m'banjamo atatha kumwalira.

Wina angafunse kuti, ngati selo lililonse la thupi lili ndi majini omwewo, bwanji chiwindi sichipanga utoto wa khungu, ndipo bwanji chikhatho chiyera kuposa kunja kwa dzanja? Yankho ndi lakuti majini sagwira ntchito onse nthawi imodzi; ena ayatsidwa, ena azimitsidwa. François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris anasonyeza zimenezi mu 1961 pa kachilombo ka m'matumbo kotchedwa Escherichia coli. Kachilomboka kali ndi majini ogayira shuga wa mumkaka, koma kawatseka pamene shugayo palibe, ndipo kawatsegula iye akafika. M'thupi mwathu zichitika mofanana ngakhale njira zake n'zambiri koposa. Chotero pali kusiyana pakati pa jini lozimitsidwa ndi jini loonongeka. Wachialubino ali nawo maselo opanga utoto m'khungu mwake, koma chipangizo chimodzi chokha ndicho chasowa. Mafupa ake, magazi ake ndi ubongo wake n'zofanana ndi za ife tonse.

Ndanena za mafupa dala. Kuyambira 2014 dziko lathu linamva nkhani zambiri zoopsa za anthu achialubino obedwa ndi kuphedwa, ndi za manda awo ofukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zilemeretsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndipo onsewa ndi ana a anthu, obadwa mwa lamulo lomwe lija limene Mendel anawerenga pa njere za nsawawa. Chialubino sichipatsirana pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pokhala pa desiki imodzi, ndipo mayi woyembekezera sangachitenge poyang'ana munthu wotere.

Mavuto enieni amene kusowa kwa melanin kubweretsa ndi awiri. Loyamba ndi dzuwa, limene liwotcha khungu ndipo lingathe kuyambitsa khansa yapakhungu munthu akadali wamng'ono. Lachiwiri ndi maso, pakuti utotowu ufunika kuti diso likule bwino, chotero achialubino ambiri saona patali ndipo kuwala kwambiri kuwavuta. Zimenezi sukulu ingathe kuzichepetsa popanda ndalama zambiri. Ndipempha mwaulemu aphunzitsi athu kuti wophunzira wotere azikhala kutsogolo, kutali ndi zenera lowala, ndi kuti zolemba pa bolodi zikhale zazikulu. Ndipemphanso a komiti yosunga mwambo kuti chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali ziwerengedwe ngati yunifolomu kwa iye, ndi kuti ntchito zapanja ndi masewera asampatse dzuwa lili paliwombo.