Cheke Chosainidwa Chisanalembedwe

M'chaka cha 1827 bwalo la milandu mu mzinda wa London lidaweruza mlandu umene ophunzira malamulo a mabanki amauwerengabe mpaka lero. Mkulu wina wolemba anthu ntchito, dzina lake Young, adali ndi ulendo. Pofuna kuti zinthu zisaime iye atachoka, adasaina macheke angapo osalembapo kuchuluka kwa ndalama, nawasiyira mkazi wake. Itakwana nthawi yolipira antchito, mayiyo adapereka cheke chimodzi kwa kalaliki kuti alembepo ndalama zopitirira pang'ono mapaundi 50. Kalalikiyo adalembadi, naonetsa mayiyo, ndipo zonse zidaoneka zolongosoka. Chimene mayiyo sadachione ndi chakuti mnyamatayo adasiya mpata patsogolo pa mawu ndiponso patsogolo pa manambala. Atatuluka, adadzaza mipatayo, ndipo cheke chidakwera ndi mapaundi 300. Banki ya Grote idalipira.

Young atabwerako adafuna kuti banki ibweze ndalamazo. Oweruza adakana. Adati banki idalipira pa siginecha yeniyeni ya mwini ndalama, ndipo khomo limene mbala idalowera lidatsekulidwa ndi kusasamala kwa a m'nyumba ya Young momwemo.

Kuti chigamulo ichi chimveke, nkofunika kudziwa chimene cheke chili. Cheke si ndalama ayi. Ndi kalata yolamula banki kuti itenge ndalama zakutizakuti m'thumba la wosainayo ndi kuzipereka kwa munthu wakutiwakuti. Mphamvu yonse ya kalatayo yagona pa siginecha. Wogwira ntchito m'banki sadziwa kuti wantchito wa pa esiteti kapena m'sitolo amalandira zingati pamwezi. Iye amayang'ana ngati siginecha ikufanana ndi imene adasungitsa mwini wake, ngati tsiku lili bwino, ngati mawu ndi manambala zikugwirizana, ndiponso ngati ndalama zilimo. Zikatero amalipira. Lamulo la ku Britain la m'chaka cha 1882, limene lamulo la macheke la Malawi lidatengerako kwambiri, limanena kuti munthu akasaina pepala losadzazidwa nalipereka kwa wina kuti likhale cheke, ndiye kuti akuoneka kuti wampatsa chilolezo cholidzaza. Wolandirayo akalemba zopitirira zimene adauzidwa, ndipo cheke nkufika m'manja mwa munthu wosadziwa kanthu amene wapereka katundu kapena ndalama posinthana nacho, wosaina uja amangidwa nacho monga ngati adalemba yekha.

Phunziro la Young silidamveke msanga. Mu 1918 Nyumba ya Malodi, imene pa nthawiyo idali bwalo lalikulu koposa ku Britain, idamva mlandu wa London Joint Stock Bank ndi kampani ya Macmillan and Arthur. Kalaliki wokhulupirika adabweretsa cheke kwa mmodzi wa eni kampani pamene iye adali pa changu chotuluka. Pamalo pa mawu padalibe kanthu, pamalo pa manambala padali 2 yekha, ndipo kalaliki adati nza zinthu zing'onozing'ono za mu ofesi. Bwana adasaina. Kalaliki adaika 1 kutsogolo ndi 0 kumbuyo, nalemba m'mawu mapaundi 120, natenga ndalama, nathawa. Apanso oweruza adati kampani iluze yokha, popeza wosunga ndalama ku banki ali ndi udindo wolemba cheke mosasiya mpata wa chinyengo.

Chizolowezi chimenechi chidafika kuno pamodzi ndi mabanki. Mwini esiteti ya fodya amene akukhala m'tauni, mwini sitolo amene wapita kukaoda katundu, kapena wapampando wa komiti ya sukulu amene kwawo nkutali, onsewa adapeza kuti nkwapafupi kusainiratu macheke atatu kapena anayi ndi kuwasiya m'dirowa. Ena adafika popereka cheke chotere m'manja mwa wantchito ndi mawu akuti, "Ulembe wekha malipiro ako, ukudziwa kale." Amene amachita zimenezi amati ndi chikhulupiriro. Kawirikawiri ndi ulesi wovala malaya a chikhulupiriro.

Pa sukulu ndi pa mpingo pali vuto lina lapadera. Mabungwe otere amakhala ndi osaina awiri kapena atatu, ndipo cholinga chake nchakuti wina aziona zimene mnzake akuchita. Tsono mmodzi akasainiratu, osaina awiri aja asanduka mmodzi, ngakhale papepala pakuoneka maina awiri. Wosainiratu uja wachitira umboni chinthu chimene sadachione, ndipo tsiku limene owerengera ndalama adzafika, sadzatha kunena kuti sadali kudziwa, pakuti dzanja lake lili pomwepo. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013, pamene macheke a boma adalipidwa kwa makampani amene sadagulitse boma kalikonse, idali ya mtundu wina ndipo idali yaikulu kwambiri, koma idaonetsa chimene chimachitika siginecha ikaleka kukhala umboni wakuti munthu waona ndi maso ake.

Anthu ambiri amaganiza kuti wovulala pa nkhani imeneyi ndi bwana yekha. Wantchito ndiye ali pa ngozi yoposa, makamaka mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza sukulu nalembedwa ukalaliki. Iye amaona ngati waulemu pamene bwana amsiyira buku la macheke osainidwa, osadziwa kuti wasenzetsedwa mlandu umene sudachitike. Cheke chimodzi chikasowa m'bukumo, ngakhale atachitenga mwana wa bwana kapena mnzake wa mu ofesi, chala chimaloza amene adasunga makiyi. Chikagwa m'thumba pa basi, wochitola angathe kulembapo dzina ndi ndalama zimene afuna. Ndipo wantchito amene amadzilembera yekha malipiro alibe pogwira tsiku limene adzayambane ndi bwana wake. Bwana angathe kunena kuti adagwirizana K150,000 osati K200,000, ndipo zolembedwa pa cheke zili m'dzanja la wantchitoyo. Mwezi ndi mwezi wakhala akudzilembera yekha umboni womutsutsa. Chakudza sichiimba ng'oma. Ubale wa bwana ndi wantchito umene lero uli ngati wa pachibale ungathe kutha ndi mawu amodzi.

Palinso za malamulo a ntchito. Lamulo la ntchito la mu 2000 limafuna kuti wantchito azilandira, pamodzi ndi malipiro ake, chikalata chosonyeza zimene wapata ndi zimene zadulidwa. Msonkho uyenera kudulidwa ndi kupita ku MRA, ndipo kuyambira mu 2011 olemba ntchito adalamulidwa kusonkhera antchito awo penshoni. Cheke chosadzazidwa sichisonyeza chilichonse cha izi. Pamene palibe buku la malipiro, nthawi zambiri palibenso penshoni, ndipo wantchito amazindikira zimenezi atakalamba kapena atachotsedwa.

Njira yabwino siyovuta. Cheke chisainidwe chitadzazidwa kale, dzina la wolandira, tsiku, mawu ndi manambala, ndipo mipata yotsala itsekedwe ndi mzere. Mizere iwiri yopingasa pamwamba pake imachititsa kuti ndalama zilowe m'buku la ku banki m'malo motengedwa pamanja. Kachidutswa kotsala m'buku kalembedwenso nthawi yomweyo. Bwana amene ali ndi ulendo angathe kulemberatu malipiro onse asanachoke, kapena kupempha banki kuti izilipira antchito pa tsiku loikika.

Nzoona kuti macheke akutha mphamvu. Dziko la South Africa lidasiya kuwagwiritsa ntchito pa 31 December 2020, ndipo kuno malipiro ambiri tsopano amadutsa m'makompyuta a banki kapena pa foni, kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Koma chizolowezi chija changosintha chovala. Bwana amene kale adali kusiya macheke osainidwa m'dirowa, lero amapereka khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi kwa kalaliki kuti akatape malipiro a anzake. Pa cheke padali kutsala dzanja la amene adalemba, ndipo akatswiri adali kutha kulizindikira. Nambala yachinsinsi siisonyeza chala chimene chidaidinda, kotero ndalama zikasowa banki idzangonena kuti adatapa ndi mwini khadi, ndipo mwini khadiyo adzatembenukira kwa kalaliki.