Manda Hill, Citunda ca Mudzi wa Lusaaka

Munthu wocokera ku Chipata kapena ku Dedza akamva dzina lakuti Manda Hill ayembekeza kuona phiri lalitali la miyala. Koma ine ndinena kuti si phiri ai, ndi citunda cabe, pakuti dziko la Lusaka ndi losalala, ndipo woyenda pansi sazindikira msanga kuti alikukwera.

Komabe citunda cimeneci ciri ndi mbiri yoposa mapiri ambiri. Kale dziko lino linali la Asoli ndi Alenje, ndipo pamenepa panali mudzi wa mfumu ina, dzina lace Lusaaka. M'caka ca 1905 njanji yocokera ku Livingstone inafika kuno, ndipo Azungu anacha siteshoni yao dzina la mfumuyo. M'caka ca 1935 Boma linasamutsa likulu lace kucoka ku Livingstone kudza kuno. Tsono dzina la kamudzi linasanduka dzina la likulu la dziko.

Mau akuti "manda" ndi athu, ndipo Mnyanja aliyense adziwa tanthauzo lace. Kwathu kum'mawa manda ndi nkhalango yoopsa: sitidulako mtengo, sitilowako popanda cilolezo ca mfumu, ndipo mwana akaloza manda ndi cala akulu amdzudzula. Cimene cindidabwitsa ine ndi cakuti dzina lotere lichulidwa tsiku ndi tsiku popanda mantha konse. Nyumba ya Malamulo, yokutidwa ndi mkuwa, inatsegulidwa pacitundapo m'caka ca 1967, ndipo m'caka ca 1999 anatsegula masitolo akulu m'mbali mwa Great East Road, nawapatsa dzina lomwelo. Ana ambiri a ku Matero ndi ku Chawama ayesa kuti Manda Hill ndi dzina la masitolowo.

Za njira ndinene izi. Amene azidziwa bwino si eni magalimoto, koma anchito a m'makomboni amene alawira m'mamawa kuti asalipire basi. Wa ku Mtendere kapena ku Kalingalinga atsata mseu wa Alick Nkhata, nakhotera mu Thabo Mbeki kufikira Great East Road. Wa ku Matero ayamba wadutsa njanji ija ya 1905, nalunjika kum'mawa. M'dzinja njira zacidule zidzala matope, ndipo ambiri anyamula nsapato zina m'thumba zokabvala pofika.