Mukasintha sikelo, manambala amasintha tanthauzo

Nthawi zonse tikalandira chipangizo chatsopano choyezera mu labotale, ndimauza ophunzira anga kuti asataye chakale msanga. Tiyambe tayeza chinthu chimodzi pa zonse ziwiri. Ngati sikelo yatsopano ikuti mwala ukulemera magalamu 505 pomwe yakale imati 500, mwalawo sunanenepe ayi, chasintha ndi choyezera. Lamulo laling'onoli linakhudza mabizinesi ambirimbiri padziko lonse m'chaka cha 2023, pamene kampani ya Google inasiya pulogalamu yake yakale yowerengera anthu olowa pa webusayiti.

Choyamba, pulogalamu yotereyi imawerenga bwanji? Mwini webusayiti amaika kachidutswa ka code m'tsamba lililonse. Inu mukatsegula tsambalo pa foni, kachidutswako kamatumiza uthenga ku makompyuta a Google: mwatsegula tsamba liti, nthawi yanji, pa chipangizo chotani, ndipo mwafika kudzera pa Facebook kapena pofufuza. Kamasiyanso kafayilo kakang'ono kotchedwa cookie mu browser yanu kuti mukabweranso kakuzindikireni. Koma dziwani kuti cookie imazindikira browser, osati nkhope yanu. Mukalowa pa foni m'mawa, madzulo n'kulowanso pa kompyuta ya kusukulu, nthawi zambiri mumawerengedwa ngati anthu awiri.

Google inayamba ntchito imeneyi mu 2005 itagula kampani ya Urchin. Mtundu wotchedwa Universal Analytics unabwera mu 2012, ndipo Google Analytics 4, yomwe anthu amangoti GA4, inatulutsidwa mu Okutobala 2020. Mu Malichi 2022 kampaniyi inalengeza kuti pa 1 Julayi 2023 pulogalamu yakale idzasiya kulandira manambala atsopano. Patatha chaka china, mu Julayi 2024, ngakhale malipoti akale anatsekedwa. Chovuta n'chakuti manambala akale sankasamukira mu GA4. Yatsopanoyi inkayamba kuwerenga pa ziro, tsiku lomwe mwaiika.

Mwina mukuti, nanga bwanji osangokopera? Chifukwa mapulogalamu awiriwa sayeza mofanana. Yakale inkamanga zonse pa ulendo, kutanthauza nthawi imene munthu wakhala pa webusayiti asanachoke kapena asanakhale mphindi 30 osachita kalikonse. GA4 imaona chilichonse ngati chochitika: kutsegula tsamba, kutsika mpaka kumunsi, kudina batani, kuonera vidiyo. Ngakhale ulendo womwewo amauwerenga mosiyana. Mu yakale, ikangokwana 12 koloko usiku, ulendo unkadulidwa n'kuyamba wina. GA4 sidula.

Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa nsapato ali ndi tsamba limodzi lokhala ndi mitengo. Kasitomala walowa, wawerenga kwa mphindi ziwiri, waona mtengo, watseka. Pulogalamu yakale inkamuika m'gulu la anthu ongosuzumira n'kubwerera, poti sanatsegule tsamba lachiwiri. GA4 imati uyu wachita chidwi, chifukwa wakhala masekondi opitirira 10. Mayi uja akaika manambala a mapulogalamu awiriwa pa mzere umodzi, adzasangalala kuti makasitomala ayamba kukonda tsamba lake mwadzidzidzi, chonsecho palibe chasintha. Kapena adzaona maulendo atachepa, n'kuwononga ndalama zambiri pa zotsatsa malonda pofuna kukonza vuto lomwe kulibe.

Ndiye amene anakonzekera bwino anachita chiyani? Anaika code yatsopano yakale isanazime, ziwirizi n'kumayendera limodzi kwa miyezi ingapo, monga masikelo athu aja. Kuzisiyanitsa kunali kosavuta: nambala ya yakale inkayamba ndi UA, ya yatsopano imayamba ndi G. Amene anayamba Julayi 2022 isanafike anali ndi chaka chathunthu choyerekezera, Disembala ndi Disembala mnzake, osati Disembala wa Khirisimasi ndi Febuluwale wopanda ndalama.

Kenako anakhala pansi n'kulemba zimene bizinesi ikufunadi kudziwa. Ndi angati adina batani la WhatsApp? Ndi angati alipira? Chilichonse anachipatsa dzina lake ngati chochitika, n'kuchiyesa okha pa foni kuti aone ngati chikuwerengedwa kamodzi, osati kawiri. Code ikaikidwa kawiri pa tsamba limodzi, manambala amatupa, ndipo kulakwitsa kotereku sikutha ngakhale mutayeza kambirimbiri, ngati sikelo yomwe siyambira pa ziro.

Anasinthanso nthawi yosungira data. GA4 yaulere imayamba ndi miyezi 2 yokha yosungira tsatanetsatane wa zochitika, koma mungathe kuifikitsa pa miyezi 14. Pomaliza anatsitsa malipoti akale n'kuwasunga m'mafayilo awo khomo lisanatsekedwe, ndipo analemba tsiku lomwe anasinthira choyezera kuti wina aliyense woona graph adziwe pamene pali msoko.

Musaganize kuti izi n'za amalonda okha. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu limodzi linkapereka manambala m'ma pound pomwe lina linkawawerenga ngati ma newton. Manambala analipo ndithu, koma tanthauzo lake linali losiyana.

Mapulogalamu adzasinthabe, ndipo ena mwa inu ndi amene mudzakhale mukusamalira mawebusayiti nthawi imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Graph ikadumpha mwadzidzidzi, musanauze abwana kuti malonda akwera kapena atsika, funsani kaye mafunso atatu omwe timafunsa mu labotale: tayeza chiyani, tayeza ndi chiyani, ndipo choyezeracho chinasinthidwa liti?