Thupi Nalo Limakumbukira Zowawa

Munthu akapulumuka pa ngozi, nkhanza kapena nkhondo, mantha sathera m'maganizo mokha. Mtima umagunda, manja amanjenjemera, tulo timathawa ngakhale patapita zaka. Dokotala wa ku Boston, Bessel van der Kolk, adalongosola zimenezi m'buku lake la mu 2014, The Body Keeps the Score. Naye Peter Levine adayambitsa njira yotchedwa Somatic Experiencing, momwe aphungu amaphunzira kuthandiza wovutikayo kumvetsera thupi lake pang'onopang'ono, kufikira litazindikira kuti choopsa chidapita.

M'mipingo mwathu, wotereyu nthawi zina amauzidwa kuti angoiwala, ngati kuti kunjenjemerako n'kuchepa kwa chikhulupiriro. Koma tiwerenge 1 Mafumu 19. Eliya atathawa Yezebeli, adapempha imfa m'chipululu. Mulungu sadayambe ndi chidzudzulo. Mngelo adamkhudza kawiri, nampatsa mkate ndi madzi, namlola kugona. Mawu a Mulungu adamfikira pambuyo pake, ku Horebu.

Choncho m'banja mwathu mukakhala wotere, tisamuweruze. Timdyetse, tikhale naye, tipemphere naye, ndipo timperekeze kwa aphungu odziwa ntchito yawo. Amene adaumba thupi amadziwanso mabala ake.